Alick Nkhata, Woimba wa pa Wailesi

Alick Nkhata anabadwa ku Kasama m'caka ca 1922. Atabwerako ku nkhondo ya ku Burma, anayenda m'midzi pamodzi ndi Hugh Tracey, najambula nyimbo za makolo. Pambuyo pace analowa nchito pa nyumba ya wailesi mu Lusaka. Madzulo anthu anali kuunjikana pa kawailesi konga poto, kuti amve mau ace ndi gitala wace. Ngakhale anachuka, sananyoze nyimbo za kumudzi, koma anazifikitsa kwa anthu a m'tauni.

Anaphedwa mu October 1978, pamene asilikali a ku Rhodesia anathira nkhondo msasa woyandikana ndi munda wace ku Mkushi. Lero nyumba ya wailesi ndi kanema mu Lusaka iri pa mseu wochedwa dzina lace. Ana inu, mbiri yokhalitsa ndiyo ya munthu wosaiwala kwao.