Shi Liangcai ndi Nyuzipepala ya Shen Bao

Mu mzinda wa Shanghai, m'dziko la China, mudali nyuzipepala yotchuka ya m'Chitchaina dzina lake Shen Bao. Nyuzipepalayi idakhala zaka 77, kuyambira m'chaka cha 1872 kufikira m'chaka cha 1949. Amene adaiyambitsa ndi Mngelezi wina wamalonda, Ernest Major, koma amene adaikuza kufikira kukhala liwu lomveka m'dziko lonselo ndi Shi Liangcai, amene potsiriza adataya moyo wake chifukwa cha nyuzipepala yomweyo.

Shi adabadwa m'chaka cha 1880 kufupi ndi mzinda wa Nanjing. Monga mwa mwambo wa Atchaina, dzina la mtundu limayamba ndilo, kotero kuti Shi ndi mfunda wake ndipo Liangcai ndi dzina lake. Ali mnyamata adaphunzira mabuku akale a Chitchaina napambana mayeso oyamba a boma la mfumu. Mayeso amenewa ndiwo adali khomo la ntchito za m'boma, koma iye adasiya njira imeneyi napita ku Hangzhou kukaphunzira kaweteredwe ka mbozi zopanga ulusi wa silika. M'chaka cha 1904 adatsegula sukulu ya atsikana ku Shanghai yophunzitsa luso lomweli. Chomwecho Shi adayamba ndi uphunzitsi, ndipo mtima wa uphunzitsi sudamchokere ngakhale pamene adalowa ntchito yolemba nkhani pa nyuzipepala ina ya mumzindamo yotchedwa Shi Bao.

M'chaka cha 1912, ufumu wa China utangogwa kumene, Shi pamodzi ndi anzake adagula Shen Bao. Pa nthawiyo nyuzipepalayi idali itafooka, ndipo inkasindikiza makope pafupifupi 7,000 okha pa tsiku. Padabukanso mlandu ndi mwini wake wakale, ndipo bwalo la milandu lidalamula kuti Shi alipire ndalama zambiri. Anzake adachokamo, iye natsala yekha ndi ngongole.

Apa ndi pamene padaoneka nzeru zake. Shi adazindikira kuti nyuzipepala yodya m'manja mwa olamulira siingathe kuwadzudzula. Tsono adaikirapo mtima kuti Shen Bao idziimire payokha pa chuma. Adakopa amalonda kuti azilengeza katundu wao m'masamba ake, adagula makina atsopano osindikizira ochokera kunja, ndipo m'chaka cha 1918 adamanga nyumba yaikulu ya nyuzipepalayi pa msewu wa Hankou. Adalembanso atolankhani aluso m'mizinda ina, amene ankatumiza nkhani pa lamya. Pofika zaka zoyambirira za m'ma 1930, makope adafika pafupifupi 150,000 pa tsiku. M'chaka cha 1929 adagulanso gawo lalikulu la Xinwen Bao, nyuzipepala imene inkapikisana ndi yake.

Chinthu china chimene chidamthandiza ndi malo. Nyumba ya Shen Bao idali m'chigawo cha Shanghai chimene chinkalamulidwa ndi maiko akunja, ndipo apolisi a boma la China sankatha kulowamo mwachisawawa kukatseka makina. Komabe kwa zaka zambiri Shi adali wochenjera, ndipo nyuzipepala yake inkapewa kulimbana ndi akuluakulu poyera.

Zinthu zidasintha m'mwezi wa September 1931, pamene asilikali a dziko la Japan adalanda chigawo cha Manchuria. Mtsogoleri wa boma, Chiang Kai-shek, adasankha kuyamba wagonjetsa Akomyunizimu a m'dziko mwake asadalimbane ndi adani ochokera kunja. Shi sadagwirizane nazo. Nkhondo itafika ku Shanghai komweko mu January 1932, iye adatsogolera bungwe la nzika za mumzindamo posonkhanitsa thandizo la asilikali amene ankateteza mzindawo. Pakati pa chaka chomwecho Shen Bao idasindikiza ndemanga zonena kuti ulamuliro woipa ndiwo umabala zigawenga zimene boma linkati likuthana nazo. Boma lidapsa mtima, ndipo popeza silikadatha kutseka makina, lidaletsa a positi kunyamula nyuzipepalayi kupita nayo kunja kwa Shanghai. Chiletsocho chidatha patapita mwezi ndi masiku, Shi atalola kuchotsa ena mwa akonzi ake, koma adakana kuti boma liike munthu wake woyang'anira nkhani m'nyumbamo.

Sadabwerere m'mbuyo. Mu December 1932 adapereka tsamba la zolembalemba lotchedwa Ziyou Tan m'manja mwa mkonzi wachinyamata, Li Liewen, amene adayamba kusindikiza nkhani zakuthwa za alembi monga Lu Xun ndi Mao Dun. M'zaka zomwezo Shen Bao idatsegula nyumba yobwereketsa mabuku ndiponso sukulu za madzulo, momwe makalaliki ndi anyamata a m'masitolo, amene adalekezera sukulu panjira, ankapitiriza maphunziro. Idasindikizanso buku la mapu a dziko la China lokonzedwa ndi akatswiri a za nthaka ndi miyala.

Akuluakulu adati mutu ukakula sulewa nkhonya. Mu June 1933 Yang Xingfo, wa bungwe lomenyera ufulu wa anthu, adaomberedwa mu Shanghai momwemo, ndipo lidali chenjezo kwa onse odzudzula boma. Pa 13 November 1934, Shi ankabwerera ku Shanghai pa galimoto kuchokera ku Hangzhou, komwe adapita kukapuma. Ali pa msewu kufupi ndi Haining, kutali ndi chitetezo cha chigawo cha akunja chija, anthu a mfuti adatchinga njira. Woyendetsa galimoto adaphedwa pamodzi ndi mnzake wa pasukulu wa mwana wa Shi. Mwanayo adapulumuka pothawa, ndipo mkazi wa Shi nayenso adatsala ndi moyo. Shi adayesa kuthawa, koma adampeza namupha. Adali ndi zaka 54. Boma lidalengeza kuti lifufuza, koma palibe adagwidwa. Patapita zaka zambiri padadziwika kuti ophawo adali akazitape a gulu lotsogozedwa ndi Dai Li, limene linkatumikira Chiang Kai-shek.

Shen Bao idapitirira kwa zaka 15 mwini wake atamwalira, koma liwu lake silidabwererenso mwakale. Pa nkhondo yaikulu yachiwiri idagwa m'manja mwa Ajapani, ndipo nkhondo itatha chipani cha Kuomintang ndicho chidailamulira. Kope lomaliza lidatuluka pa 27 May 1949, asilikali a Chikomyunizimu atalanda Shanghai, ndipo m'mawa mwake nyuzipepala ya chipani chao, Jiefang Ribao, idayamba kutuluka m'nyumba yomwe ija adamanga Shi.

Makope onse a Shen Bao, oposa 25,000, adasungidwa nasindikizidwanso m'mabuku akuluakulu. Ofufuza mbiri ya China amawasanthula pofuna kudziwa mitengo ya zinthu, milandu, masewero ndi ndale za Shanghai wakale, ndipo m'masamba a 1931 kufikira 1934 amapezamo zimene Shi Liangcai adafera.