Godfrey Chitalu ndi Zigoli Zimene Zidasungidwa M'nyuzipepala

Ndidakulira ku Nambuma, kumene mpira wamiyendo umayamba kukoma chimanga chikalowa m'nkhokwe ndipo fodya akapita ku okushoni. Dzina la Godfrey Chitalu ndidalimva koyamba kwa agogo anga aamuna, amene adagwirapo ntchito pa mgodi wa ku Kabwe m'dziko la Zambia monga adachitira Amalawi ambiri a msinkhu wawo. Agogowo akaona mnyamata akuphonya chigoli pa bwalo la kwathu, ankapukusa mutu n'kutchula dzina limeneli, ndipo ife ana tinkangoti ndi nthano za anthu okalamba. M'chimangirizo chino ndifotokoza mbiri ya munthu ameneyu. Cholinga changa ndi kuonetsa kuti atsogoleri a timu, atolankhani ndi ochemerera akamakokanakokana, amene amavutika kwambiri ndi wosewera, ndipo chimene chimatayika ndi mbiri yake.

Godfrey Chitalu adabadwa pa 22 Okotobala 1947 m'tauni ya Luanshya, m'chigawo cha migodi ya kopa cha Copperbelt. Nthawi imeneyo dzikolo linkatchedwa Northern Rhodesia. M'matauni a migodi mpira udali chisangalalo chachikulu cha anthu apantchito ndi ana awo, motero mnyamata waluso sankachedwa kuonekera. Chitalu adalowa timu ya Kitwe United ali wachinyamata, m'zaka zimene dziko la Zambia lidali litangolandira ufulu wodzilamulira mu 1964. Ankasewera kutsogolo. Adali wamphamvu, waliwiro ndiponso wosaopa otchinga kumbuyo ngakhale akhale a matupi akuluakulu.

Komabe mnyamatayu adali ndi vuto la kupsa mtima msanga. Ankakangana ndi oyimbira mpira, ankatulutsidwa m'bwalo, ndipo nthawi zina akuluakulu oyendetsa mpira ankamuimitsa kusewera. Nkhani imene imakumbukiridwa kwambiri ndi ya tsiku limene woyimbira adamufunsa dzina kuti alilembe m'kabuku kake. Chitalu adatchula dzina la Denis Law, katswiri wa ku Scotland amene ankasewera mu Manchester United, ndipo woyimbirayo adamutulutsa m'bwalo. Nyuzipepala za ku Zambia zinkalemba zonsezi mosabisa. Ndikhulupirira kuti wosewera aliyense sakondwa kuona zolakwa zake zili pa tsamba loti dziko lonse liwerenge. Koma atolankhani omwewo ankalembanso chigoli chilichonse chimene iye wamwetsa, tsiku lake ndi timu imene yachinyidwa. Pa nthawiyo palibe amene adadziwa kuti ntchito yooneka yachabeyi idzakhala ya mtengo wapatali.

M'chaka cha 1968 Chitalu adamwetsa zigoli 81, adayamba kusewera m'timu ya dziko, ndipo adakhala munthu woyamba kulandira mphotho ya wosewera wopambana onse m'dziko la Zambia. Mphotho imeneyi adailandiranso mu 1970, 1972, 1978 ndi 1979, kasanu konse pamodzi.

Mkangano wake waukulu ndi atsogoleri a timu udabuka mu 1971, pamene adafuna kuchoka ku Kitwe United kupita ku Kabwe Warriors, timu imene inkathandizidwa ndi kampani ya njanji ya Zambia Railways. Akuluakulu a Kitwe United sadafune kumutaya, choncho adatchula mtengo wokwera kwambiri woti timu ina iliyonse ichite mantha. Pamene akuluakulu a mbali ziwirizi ankakambirana, ligi idayamba ndipo Chitalu adaphonya masewero oyambirira. Pambuyo pake mtengo udatsika ndipo iye adasamuka. Agogo anga ankati ku Kabwe anthu adavina ngati kwagwa mvula yoyamba, pomwe anzawo a ku Kitwe ankamuona ngati mwana wothawa kwawo. Apa tikuona kuti pa mkangano wotere aliyense amateteza chake. Atsogoleri amateteza thumba la timu, ochemerera amateteza ulemu wa tauni yawo, atolankhani amapeza nkhani yogulitsira nyuzipepala, koma amene amakhala pansi osasewera ndi mwini miyendo.

Chaka cha 1972 ndicho chidakweza dzina lake. Kabwe Warriors idatenga ligi pamodzi ndi zikho zonse za m'dzikomo. Pa mpikisano wa matimu opambana a mu Africa, Warriors idagonjetsa Majantja ya ku Lesotho ndi zigoli 9 kwa duu, ndipo 7 mwa zigolizo adamwetsa ndi Chitalu yekha. Pakutha pa nyengo ya mpira ya chaka chimenecho adawerengeredwa zigoli 107. Chithunzi chake chodziwika kwambiri ndi chimene adajambulitsa atanyamula mpira wolembedwa nambala imeneyi. Anthu ankamutcha Ucar, dzina la mabatire a wailesi ndi tochi amene adatchuka nthawi imeneyo kuti sachedwa kuyaka ndipo satha msanga.

Wina angaganize kuti munthu wotere malo ake m'timu ya dziko adali osakayikitsa, koma sizidali choncho. Mphunzitsi wa timu ya Zambia wa nthawi imeneyo, Ante Buselic wa ku Yugoslavia, sankamudalira nthawi zonse. Pa mpikisano wa chikho cha Africa wa mu 1974 ku Egypt, Zambia idafika m'ndime yomaliza, idafanana mphamvu ndi Zaire 2 kwa 2, kenaka idagonja 2 kwa duu pa masewero obwereza. Chitalu adali nawo pa ulendowo, koma pambuyo pake adakhala nthawi yaitali osaitanidwa. Adabwereranso mu 1977, Buselic atachoka, ndipo adayambiranso kugwedeza ukonde ngati kuti sadapumepo.

Ife Amalawi tili ndi chifukwa chathuchathu chomukumbukira. Mu 1978 dziko lino lidachititsa mpikisano wa matimu a maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa. Chitalu, ali ndi zaka 31, adamwetsa zigoli 11 pa mpikisano umodzi wokhawo. Koma chikho chidatsala kuno, pakuti m'ndime yomaliza timu yathu, ya m'nyengo ya Kinnah Phiri, idagonjetsa Zambia 3 kwa 2. Agogo ankaulula kuti tsiku limenelo mtima wawo udagawikana, chifukwa ankafuna kuti Malawi ipambane koma osafuna kuti Ucar achite manyazi. Mu 1980 adasewera pa masewero a Olimpiki ku Moscow ndipo adachinya timu ya eni bwalo ya Soviet Union, ngakhale Zambia idagonja 3 kwa 1. Pamene ankasiya kusewerera dziko lake adali atamwetsa zigoli 79 pa masewero 111.

Atapachika nsapato adakhala mphunzitsi wa Kabwe Warriors. Munthu amene kale ankavutitsa akuluakulu adapezeka kuti tsopano ndiye wamkulu, woyenera kulanga anyamata opsa mtima ndi kuyankha mafunso a atolankhani timu ikagonja. Kumapeto kwa 1992 Zambia itagonja ku Madagascar, adapatsidwa udindo wophunzitsa timu ya dziko, ndipo womuthandiza wake adali Alex Chola.

Akulu adati ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika. Pa 27 Epulo 1993 timuyi idali pa ulendo wopita ku Dakar kukasewera ndi Senegal masewero odzigulira malo ku chikho cha dziko lonse. Ndege ya asilikali ya mtundu wa Buffalo imene adakwera idagwera m'nyanja itangonyamuka kumene ku Libreville m'dziko la Gabon. Anthu onse 30 adamwalira, kuphatikizapo osewera 18. Chitalu adali ndi zaka 45. Lipoti limene boma la Gabon lidatulutsa mu 2003 lidanena kuti injini imodzi idagwira moto ndipo woyendetsa ndege, amene adali atatopa, adazimitsa injini yabwino m'malo mwa yowonongekayo. Chimene chimandikhudza ine n'chakuti m'ndegemo mudalinso wapampando wa bungwe loyendetsa mpira ku Zambia, Michael Mwape, komanso mtolankhani amene ankapita kukalemba za masewerowo. Mtsogoleri, mphunzitsi, osewera ndi wolemba nkhani adakwera ndege imodzi, ndipo ochemerera adawalira onse mosasankha. Adaikidwa m'manda pafupi ndi bwalo la Independence mumzinda wa Lusaka.

Patapita zaka pafupifupi 20, dzina la Chitalu lidamvekanso pa dziko lonse. Mu Disembala 2012 Lionel Messi adapitirira zigoli 85 zimene Gerd Müller wa ku Germany adamwetsa mu 1972, ndipo adatsiriza chakacho ndi zigoli 91. Dziko lidati palibe amene adachitapo zotere m'chaka chimodzi. Anthu a ku Zambia adakumbutsa kuti m'chaka chomwecho cha 1972 Chitalu adamwetsa 107. Bungwe la FIFA lidayankha kuti silisunga kaundula wa zigoli za m'maligi a maiko, motero silikadatha kutsimikiza nkhaniyo. Apa mpamene padaoneka kufunika kwa zolembedwa. Masewero ambiri a nthawi imeneyo sadajambulidwe, ndipo kukumbukira kwa ochemerera ngati agogo anga sikukadalandiridwa ngati umboni. Amene adafuna kufufuza, monga Jerry Muchimba, adapita kukavundukula nyuzipepala zakale monga Times of Zambia ndi Zambia Daily Mail, n'kumawerenga masewero amodziamodzi. Kafukufukuyu adaonetsa kuti tikawerenga chaka chonse kuyambira Januwale, pamodzi ndi zigoli za masewero awiri a Majantja, nambala imafika pa 116. Masamba omwe aja amene ankamudzudzula chifukwa cha kupsa mtima ndiwo adamuikira umboni iye atagona m'manda.

Nkhani imeneyi idandikumbutsa zimene ndidaona kwathu ku Nambuma ndili ku sekondale. Tidali ndi timu ya m'mudzi imene inkayenda ndi zopereka za alimi akagulitsa fodya. Padalinso mnyamata wina wokonda kulemba amene ankakhala m'mbali mwa bwalo ndi kope, kulemba zotsatira ndi maina a omwetsa zigoli, ndipo nthawi zina ankatumiza timakalata ku pologalamu ya zamasewero pa wailesi. Tinkamutcha mtolankhani wathu. Chaka china timu idapambana ndalama pa mpikisano wa matimu a m'deralo, koma osewera sadalandire kanthu ndipo yunifomu imene idalonjezedwa siidaoneke. Mnyamata uja adafunsa za ndalamazo m'kalata yake. Akomiti adapsa mtima n'kulamula kuti asadzapondenso pa bwalo. Ochemerera tidagawikana. Ena ankati wanyozetsa mudzi kwa anthu akunja, ena ankati wanena zoona. Ine ndidali m'gulu la omukuwiza, ndipo ndidaseka nawo pamene anyamata ena adamulanda kope lija n'kuling'amba.

Ndalama zija sizidapezeke, ndipo chaka chotsatira alimi ambiri adaleka kusonkha. Koma chimene chimandipweteka kwambiri ndi china. M'timu imeneyo mudali wosewera kutsogolo amene tonse timavomereza kuti sitidaonenso wina ngati iye. Adapita ku Joni kukafuna maganyu ndipo sadabwerenso. Lero tikakhala pa msika n'kumakamba za iye, wina amati adamwetsa zigoli makumi atatu chaka chimenecho, wina amati makumi asanu, ndipo mkangano umatha popanda wopambana. Yankho lidali m'kope limene tidang'amba ndi manja athu.

Sindikunena kuti atolankhani salakwa. Alipo amene amalemba asadafunse mbali zonse, ndipo alipo amene amalemba mokomera yemwe wawapatsa kangachepe. Wotere ayenera kudzudzulidwa, ndipo njira yomuyankhira ndi kutulutsa zoona poyera. Komiti imene yafunsidwa za ndalama ionetse buku la ndalama pa msonkhano wa ochemerera m'malo mothamangitsa wofunsayo. Nawonso ochemerera azindikire kuti kukonda timu sikutanthauza kuombera m'manja chilichonse chimene akuluakulu achita. Mutu umodzi susenza denga. Timu imafuna woyendetsa, woyimbira nyimbo kunja kwa mzere, komanso wosunga mbiri.

Bwalo la mpira la ku Kabwe lidapatsidwa dzina la Godfrey Chitalu pofuna kumulemekeza. Agogo anga adamwalira 2012 isadafike, motero sadamve dziko lonse likukangana za munthu amene iwo ankamutchula pa bwalo lafumbi la ku Nambuma. Ndikadakonda kuwauza kuti sizidali nthano ayi, ndipo kuti umboni wake udapezeka chifukwa wina adakhala m'mbali mwa bwalo ndi cholembera. Tchuthi chikubwerachi ndikapita kwathu ndi kope latsopano, ndipo ndikayamba ndi kukapepesa kwa mwini wa kope lakale lija.