Masauko Chipembere ndi asilikali a maboma awiri

Henry Masauko Blasius Chipembere anabadwa pa 5 August 1930 ku Kayoyo, m'dera limene lero lili m'boma la Ntchisi. Bambo awo, a Habil Chipembere, anali mphunzitsi amene pambuyo pake anakhala wansembe wa mpingo wa Anglican. Mwanayo anaphunzira ku Blantyre Secondary School, kenaka ku Goromonzi m'dziko la Southern Rhodesia, n'kukamaliza pa yunivesite ya Fort Hare ku South Africa. Atabwerera kwawo anagwirako ntchito m'boma la atsamunda, koma sanakhalitse. M'chaka cha 1956, ali ndi zaka 25, anasankhidwa kulowa m'nyumba ya malamulo ku Zomba pamodzi ndi a Kanyama Chiume ndi Amalawi ena atatu.

Nkhani yaikulu nthawi imeneyo inali chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhazikitsidwa mu 1953 eni dziko akukana. A Chipembere anaona kuti anthu akumudzi sangatsatire anyamata okhaokha, choncho anali m'gulu la amene analembera makalata Dr Hastings Kamuzu Banda kuti abwere adzatsogolere chipani cha Nyasaland African Congress. Dr Banda anatera pa Chileka pa 6 July 1958, ndipo a Chipembere anakhala msungichuma wa chipanicho.

Pa 25 January 1959 atsogoleri a Congress anachita msonkhano wachinsinsi patchire pafupi ndi Limbe. Akazitape anauza boma kuti kumeneko apangana zopha azungu ndi amwenye. Boma linaitanitsa asilikali ku Southern Rhodesia kuti adzawonjezere a King's African Rifles, ndipo m'bandakucha wa pa 3 March bwanamkubwa Robert Armitage analamula kuti atsogoleri a chipani agwidwe m'dziko lonse. Ntchitoyo anaitcha Operation Sunrise. Monga wophunzira zinenero, dzinali limandipweteka, pakuti mfuu ya Congress inali Kwacha, ndipo asilikali anabwera ndi kutuluka kwa dzuwa kwawokwawo.

Ku Nkhata Bay tsiku lomwelo khamu la anthu linasonkhana padoko kufuna kuti abale awo amene anatsekeredwa m'sitima ya Mpasa amasulidwe. Anthuwo analibe mfuti. Asilikali a Royal Rhodesia Regiment anawombera. Komiti yofufuza ya woweruza milandu Patrick Devlin inawerenga anthu 20 ophedwa pamalopo ndi 51 m'dziko lonse, ngakhale anthu a ku Nkhata Bay amawerenga ochuluka kuposa apa. Omangidwa anaposa 1,300. Ambiri anawaunjika ku kampu ya Kanjedza, dera limene lili pafupi ndi kwathu ku Chinyonga, moti munthu amafikako wapansi. Lero dzinali timalimva kwa makondakitala a minibasi basi. Komiti ya Devlin inapeza kuti chiwembu chopha azungu chija kunalibe, koma sinawayeretse a Chipembere: inawaika pakati pa atsogoleri amene sankaopa kugwiritsa ntchito ziwawa.

Anawatsekera ku Gwelo pamodzi ndi Dr Banda, a Dunduzu Chisiza ndi a Yatuta Chisiza. Dr Banda anatuluka mu April 1960, koma a Chipembere anadikira mpaka September. Ufulu wawo sunathe ngakhale theka la chaka. Mawu amene analankhula pamsonkhano ku Rumphi anawabwezera kundende ya Zomba, atagamulidwa zaka zitatu. Chisankho cha mu August 1961, chimene Malawi Congress Party inapambana mipando 22 mwa 28, chinawapeza ali m'chitolokosi, ndipo mpando wa ku Fort Johnston anaimira ndi bambo awo. Atatuluka mu January 1963 anakhala nduna ya maboma ang'ono, kenaka ya maphunziro.

Patangopita miyezi iwiri dziko litalandira ufulu pa 6 July 1964, nduna zinakangana ndi Dr Banda. Zinkadandaula za tiki imene odwala anayamba kulipira m'zipatala, za kuchedwa kopereka maudindo a m'boma kwa Amalawi, za ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique, komanso za kuchitidwa ngati ana. Pamene a Chiume, a Orton Chirwa, a Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo ankachotsedwa, a Chipembere anali ku Canada pamsonkhano wa zamaphunziro. Akanatha kungokhala chete n'kusunga unduna wawo. Atafika anatula pansi udindo, napita kwawo ku Malindi.

Apa m'pamene mbiri yawo imandivuta. Pachisankho cha mu April 1964 palibe amene anaponya voti, chifukwa onse oimira MCP anadutsa opanda opikisana nawo, ndipo kuwopseza otsutsa kumene kunabweretsa zimenezi a Chipembere anali atakulimbikitsa okha m'zolankhula zawo zaukali. Msampha umene anathandiza kutchera unagwira iwo omwe. Analetsedwa kuchititsa misonkhano, analamulidwa kuti asayende kutali ndi kwawo, ndipo panalibe chisankho chimene akanafunsira anthu kuti aweruze pakati pa iwo ndi Dr Banda. Usiku wa pa 12 February 1965 anatsogolera amuna pafupifupi 200 kukalanda polisi ya Fort Johnston ndi mfuti zake, n'kuyamba ulendo wa ku Zomba. Atafika pa Liwonde anapeza pantoni ili tsidya lina la Shire. Ulendo unathera pomwepo.

Amene anawathamangitsa anali a Malawi Rifles, gulu lomwe lija la King's African Rifles litangosintha dzina, akuluakulu ake akadali azungu. Sindikunena kuti boma likanangoyang'ana anthu onyamula mfuti akupita ku likulu. Koma chilango sichinathere pa amuna 200 aja. Asilikali, apolisi ndi a Young Pioneers anasakaza midzi ya kuvuma kwa nyanja, nyumba zinatenthedwa, ndipo anthu a mudzi wa Moto anatengedwa kukatsekeredwa kwa zaka zambiri popanda mlandu. A Medson Silombela, amene anapitiriza kumenya nkhondo m'tchire, ananyongedwa ku ndende ya Zomba mu 1966 anthu oitanidwa akuonerera. Liwu lakuti chigawenga linakula kuyambira pamenepo, mpaka linkakwanira aliyense wofunsa funso. Chaka chomwecho cha 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi, ndipo Amalawi sanasankhenso pakati pa zipani mpaka 1994.

A Chipembere, amene ankadwala matenda a shuga, anabisala m'mapiri kwa miyezi iwiri. Mu April 1965 anatulutsidwa m'dziko mwakachetechete, mothandizidwa ndi bwanamkubwa Glyn Jones ndi akazembe a America. Anakhalako ku California, kenaka ku Tanzania kumene anaphunzitsa pa Kivukoni College, n'kubwereranso ku America mu 1969 kukaphunzitsa pa California State University ku Los Angeles. Anamwalira komweko pa 24 September 1975 ali ndi zaka 45, asanamalize kulemba mbiri ya moyo wawo, imene inadzasindikizidwa mu 2001 ndi mutu wakuti Hero of the Nation. Akazi awo, mayi Catherine Chipembere, anabwerera kumudzi ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, ndipo mu 1994 anthu a ku Mangochi anawasankha kukhala phungu wawo. Msewu waukulu wochoka ku Blantyre kupita ku Limbe, umene unkatchedwa Kamuzu Highway, unapatsidwa dzina la amuna awo.