Luigi Galvani: Dokotala Amene Anapeza Magetsi M'mwendo wa Chule

Monga wophunzira za zilankhulo, ndimachita chidwi ndi mayina a anthu amene anasanduka mawu wamba. Malata amene tafolera nyumba ku Chibavi ndi ku Luwinga, Angerezi amawatchula ndi mawu ochokera ku dzina la Luigi Galvani. M'nkhani ino ndifotokoza za moyo wa mkuluyu.

Galvani anabadwa pa 9 Sepitembala 1737 mumzinda wa Bologna ku Italy. Anaphunzira za udokotala pa yunivesite ya mumzindawo ndipo anamaliza mu 1759. Kenaka anayamba kuphunzitsa za kapangidwe ka thupi. Mkazi wake, Lucia Galeazzi, ankamuthandiza pa kafukufuku.

M'zaka za m'ma 1780, Galvani anaona kuti mwendo wa chule wakufa unkadumpha mtsempha wake ukakhudzidwa ndi mpeni pamene makina a magetsi akuthetheka pafupi. Unkadumphanso akaukoleka ndi mbedza ya mkuwa pa mpanda wachitsulo. Mu 1791 anasindikiza buku lonena kuti thupi la nyama lili ndi magetsi akeake. Kwa ife Amalawi izi si zachilendo, pakuti mumtsinje wa Shire muli nsomba ya nyesi, ndipo munthu akagwidwa ndi magetsi timati wagwidwa nyesi.

Koma Alessandro Volta wa ku Pavia anatsutsa. Iye ankati magetsiwo ankachokera ku zitsulo ziwiri zosiyana, ndipo chule ankangowaonetsa. Galvani anayankha mu 1794 poonetsa kuti mwendowo umadumphabe popanda chitsulo. Volta naye anasanjikiza zinki ndi kopa, pakati n'kuika nsalu zonyowetsedwa ndi madzi a mchere, ndipo mu 1800 analengeza batire loyamba.

Pamenepo n'kuti Galvani atamwalira. Mkazi wake anatisiya mu 1790. Asilikali a Napoleon atalanda dera lawo, boma latsopano linalamula aphunzitsi onse kulumbira kuti adzalimvera. Galvani anakana chifukwa cha chikumbumtima chake, choncho anachotsedwa ntchito. Anamwalira ali wosauka, kunyumba ya mbale wake, pa 4 Disembala 1798.

Kodi ndani ankanena zoona? Onse awiri. Mu 1952, Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley anafotokoza kuti mauthenga amayenda m'mitsempha chifukwa tizigawo ta mchere wa sodium timalowa m'selo pamene ta potassium timatuluka. Magetsi oterewa ndiwo amagunditsa mtima, ndipo ndi amene makina a ECG amayeza kuchipatala. Mfundo ya Volta ili m'mabatire a tochi, foni ndi sola amene timadalira magetsi akathima. Ilinso pa malata athu: zinki wokutira chitsulo ndiye amayamba kudyeka, motero chitsulocho sichichita dzimbiri msanga, ngakhale mvula ya ku Mzuzu kuno ndi yosati masewera.

Pomaliza, ndikuona kuti mtsutso wa akuluakulu awiriwa unapindulira dziko chifukwa aliyense ankayankha mnzake ndi umboni. Galvani anataya ntchito, koma dzina lake linatsala m'chilankhulo, monganso la Volta, limene timaliwerenga pa batire lililonse.