Mai C. J. Walker, Wocapa Zobvala Amene Sanaleke Kuphunzira

Pa 23 Disembala 1867, m'kanyumba ka pa munda wa thonje pafupi ndi mudzi wa Delta, m'cigawo ca Louisiana ku America, munabadwa mwana wamkazi, namucha dzina lace Sarah. Atate wace Owen Breedlove ndi amace Minerva anali akapolo pa munda womwewo, ndipo akuru ace onse anabadwira mu ukapolo. Iye ndiye woyamba m'banjamo kubadwa mfulu, pakuti ukapolo unathetsedwa m'dziko lonselo mu 1865. Koma ufulu umene makolo ace analandira unali wopanda munda. Nthaka inakhalabe ya mwini wace wakale, ndipo iwo analimabe thonje monga kale.

Pofika zaka 7 Sarah anali mwana wamasiye. Pambuyo pace anaoloka mtsinje wa Mississippi nakakhala ku Vicksburg pamodzi ndi mkuru wace Louvenia, amene mwamuna wace anali wankhanza. Pofuna kuthawa nkhanzazo ndi kukhala ndi pakhomo pacepace, anakwatiwa ndi Moses McWilliams mu 1882, ali ndi zaka 14 zokha. Mu 1885 anabala mwana wamkazi, Lelia, ndipo mu 1887 mwamunayo anamwalira. Maphunziro onse amene mkazi wamasiyeyu anali nao, monga anasimbira mwini, anali a miyezi itatu, ndiwo a ku Sande Sukulu.

Anatenga mwana wace nakwera ku mzinda wa St. Louis, kumene alongo ace anali kugwira nchito yometa tsitsi. Kumeneko anakhala wocapa zobvala za eni ndalama zaka zoposa 15. Amai amene amacapa ku dambo adziwa kuwawa kwa msana, koma iye anacapa mlungu ndi mlungu: kuwiritsa nsaru m'miphika yacitsulo, kuzifikisa pa thabwa ndi sopo woocha manja, kuzifinya, kuzisita ndi nsimbi zotenthetsa pa moto, ndi kuzisenza kubwezera eni ace. Pa tsiku analandira ngati dola imodzi ndi theka.

M'zaka zimenezo analowa mpingo wa St. Paul, wa African Methodist Episcopal, umene uli ndi akristu ace kunonso ku Zambia, nayimba m'kwaya. Apa ndi pamene moyo wace unatembenukira. Mu mpingomo munali amai ophunzira, ena a iwo aphunzitsi, amene anasonkhana kuthandiza amasiye ndi alendo, monga acitira amai a Cigwirizano. Amaiwo sanamnyoze cifukwa ca manja ace ong'ambika. Anamlandira, namthandiza pa za mwana wace, ndipo iye poona mayankhulidwe ao ndi makhalidwe ao anayamba kulakalaka zimene sanaziganizepo. Analowa sukulu ya usiku, atacapa usana wonse. Ndi ndalama za pa thabwa locapira lija anaphunzitsa Lelia, kufikira anamtumiza ku Knoxville College. Mabuku ambiri osimba za cuma cace amapitirira msanga pa amai a mpingo amenewa, ndipo potero amalakwa, pakuti ndiwo anayamba kumuona monga munthu.

Ukwati wace waciwiri, wa kwa John Davis mu 1894, unali wa misozi, nutha.

Tsono kunamgwera nthenda ya pamutu, tsitsi niliyamba kuthothoka. Nthendayi inali yofala pakati pa amai osauka, cifukwa nyumba zao zinalibe madzi, anasamba kumutu kamodzikamodzi, ndipo sopo wao anali waukali. Pofunafuna mankhwala anafika kwa mai wina wakuda wamalonda, Annie Turnbo, nakhala womgulitsira mafuta a tsitsi. Mu 1905 anasamukira ku Denver, kumene anaphika m'nyumba ya munthu, nayamba kusanganiza mafuta aceace. Mu 1906 anakwatiwa ndi Charles Joseph Walker, wodziwa kulengeza malonda m'manyuzipepala, ndipo kuyambira pamenepo anachuka ndi dzina lakuti Madam C. J. Walker.

Mai Walker ankasimba kuti atapemphera, msanganizo wa mankhwalawo unawadzera m'maloto. Annie Turnbo sanabvomere, nanena kuti anamtengera nzeru yace. Mlanduwo sunadulidwe, ndipo mafuta a sulufure ociritsa zipere za pamutu anali odziwika kale asanabadwe onse awiriwo. Nzeru yeniyeni ya Mai Walker inali pena. Anaphunzitsa amai kusamba kumutu kawirikawiri, kupaka mankhwala ndi kupesa bwino, nayenda khomo ndi khomo, mpingo ndi mpingo, akuonetsa ndi manja ao. Alaliki ena anawadzudzula kuti afuna kusandutsa tsitsi la anthu akuda likhale ngati la azungu. Iwo anakana kwa mtu wa galu, nati nchito yao ndiyo kuciritsa mutu ndi kumeretsa tsitsi.

Mu 1908 anatsegula sukulu ya nchitoyi ku Pittsburgh, naicha Lelia College, dzina la mwana wao, amene anamsiyira kuiyang'anira. Mu 1910 anakhazikika ku Indianapolis namanga nyumba yopangiramo mankhwala. Amai zikwi zambiri anaphunzira nchitoyo, ocuruka a iwo ocapa ndi ophika, nayamba kupata ndalama zolipirira ana ao sukulu.

Cimene cidabwitsa ndi ici, kuti cuma sicinawaiwalitse kuperewera kwao. Anthu ambiri akalemera amabisa umbuli wao, nakwiyira wowakonza. Mai Walker ali ndi zaka zoposa 40 anatenga mphunzitsi, Alice Kelly, wocokera ku sukulu ya ku Kentucky, kuti ayang'anire anchito ndi kuwaphunzitsa iwo omwe kalembedwe ndi kayankhulidwe. Anawerenga manyuzipepala masiku onse, ndipo akapeza mau acilendo anafunsa tanthauzo lace kwa alembi ao, anthu amene iwo anali kuwalipira. Anaphunziranso kuyendetsa galimoto.

Phindu lace linaoneka mu 1912 ku Chicago, pa msonkhano wa anthu akuda amalonda. Wa pampando, Booker T. Washington, sanawapatse mpata. Pa tsiku lotsiriza anangoimirira, nafotokoza pamaso pa akuruakuru onse ulendo wao wocokera ku munda wa thonje, kudzera pa thabwa locapira ndi kukhichini, kufikira ku nyumba ya nchito imene anamanga pa malo aoao. Ananenanso kuti afuna kumanga sukulu ya nchito zamanja ku Africa, yonga ya ku Tuskegee. Caka cotsatira Washington anawaitana yekha kuti adzayankhule. M'caka comweco ca 1912 ukwati wao wacitatu unatha, koma dzina la Walker analisunga.

Dzanja lao linali lotambasuka. Mu 1911 anapereka madola 1,000 omangira nyumba ya YMCA ya anthu akuda ku Indianapolis. Analipirira ana ku Tuskegee, nathandiza sukulu ya Mary McLeod Bethune ku Daytona. Mu 1917 anasonkhanitsa ogulitsa ao ku Philadelphia, napereka mphotho kwa ogulitsa kwambiri, ndiponso kwa amene anathandiza osauka koposa. M'masiku amenewo magulu a azungu anali kupha anthu akuda popanda kuwazenga mlandu. Mai Walker anapita ndi atsogoleri ena ku Washington kukadandaula kwa Pulezidenti Wilson, amene sanaturuke kudzawaona. Mu 1919 analonjeza madola 5,000 ku bungwe la NAACP olimbanira ndi kuphana kumeneku.

Anamanganso nyumba yaikuru ya zipinda zoposa 30 ku Irvington, pafupi ndi New York, yochedwa Villa Lewaro. Iwo anati anaimanga kuti ana a anthu akuda aone cimene cingatheke. Mwina ndi coona. Koma ndalama zimene zinalowa m'nyumbayo zinali zambiri, ndipo mwini wace anakhalamo ngati caka cimodzi cokha. Madokotala anawacenjeza kuti apumule cifukwa ca kuthamanga kwa mwazi, iwo osamva. Impso zinaleka kugwira nchito, namwalira pa 25 Meyi 1919, ali ndi zaka 51. Lelia anali pa ulendo kutali, ndipo sanawapeze amoyo.

Anaikidwa ku manda a Woodlawn ku New York. Cuma cao cinawerengedwa ngati madola 600,000, ndipo m'kalata wa masiye anagawira masukulu, nyumba za ana amasiye ndi za nkhalamba. Lelia analowa m'malo mwa amace kufikira imfa yace mu 1931. Sukulu ija ya ku Africa sinamangidwe.