Christian Anfinsen

Christian Boehmer Anfinsen (26 Malichi 1916 – 14 Meyi 1995) anali katswiri wa sayansi wa ku America amene anafufuza mmene mapuloteni amapindikira ndi kutambasukira. Analandira mphoto ya Nobel ya Chemistry mu 1972 pamodzi ndi Stanford Moore ndi William Stein.

Ubwana ndi maphunziro

Anabadwira ku Monessen m'chigawo cha Pennsylvania, ndipo banja lake linali lochokera ku Norway. Anamaliza digiri yoyamba ku Swarthmore College mu 1937 ndi yachiwiri ku yunivesite ya Pennsylvania mu 1939. Kenaka anapita ku Carlsberg Laboratory mumzinda wa Copenhagen, koma nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inamubweza kwawo mu 1940. Digiri ya udokotala anaitenga ku Harvard mu 1943.

Nthawi ya nkhondoyo anagwirako ntchito pa malungo, matenda amene mpaka lero amavutitsa mabanja ku Mangochi ndi m'mbali monse mwa nyanja. Mu 1945 iye ndi anzake ku Harvard analengeza kuti akwanitsa kulera kachilombo ka malungo a anyani, Plasmodium knowlesi, m'magazi a m'botolo. Kachilombo kamene kamapha anthu kuno, Plasmodium falciparum, anadzakalera mosadukiza ndi William Trager ndi James Jensen mu 1976.

Ntchito ya ribonuclease

Puloteni ndi chingwe cha tizidutswa totchedwa ma amino acid, tolumikizana ngati mikanda pa ulusi. Chingwecho chimagwira ntchito pokhapokha chikadzipinda m'maonekedwe ake enieni. Chikatenthedwa chimatambasuka. Ndicho chifukwa chake mnofu wa chambo umayera n'kulimba ukaikidwa pa makala, ndipo subwereranso mwakale chifukwa zingwe zotambasukazo zimakolana zokhazokha.

Anfinsen anayamba ntchito ku National Institutes of Health ku Bethesda mu 1950. Kumeneko anasankha puloteni yaing'ono ya mu kapamba wa ng'ombe yotchedwa ribonuclease, imene ili ndi ma amino acid 124 ndipo imamangidwa ndi mfundo zinayi za sulfure. Anaithira urea wambiri, yemweyu amene alimi amathira m'chimanga, pamodzi ndi mankhwala ena odula mfundozo. Puloteniyo inatambasuka n'kusiya kugwira ntchito. Atachotsa mankhwalawo pang'onopang'ono, inadzipindanso yokha ndipo mphamvu yake pafupifupi yonse inabwerera.

Chodabwitsa chinali pa mfundo zija. Nsonga zisanu ndi zitatu za sulfure zingathe kugwirana ziwiriziwiri m'njira 105 zosiyana, koma yolondola ndi imodzi yokha. Pamene analola mfundozo kumangana urea akadali momwemo, zinamangana mwachisawawa ndipo puloteniyo inangogwira ntchito pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100. Popanda urea, inapeza njira yolondola ija. Apa Anfinsen anatsimikiza kuti ndondomeko ya ma amino acid ndiyo imasankha maonekedwe a puloteni, ndipo maonekedwewo ndi amene amakhala okhazikika kwambiri m'madzi momwe puloteniyo ili. Zotsatira zikuluzikulu zinasindikizidwa mu 1961.

Mfundo yake ndi makompyuta

Ngati zonse zili m'ndondomekoyo, ndiye kuti maonekedwe a puloteni angathe kuwerengetsedwa ndi masamu. Ntchito yoyerekezera mapuloteni pa kompyuta yatsamira pa ganizo limeneli, kuphatikizapo pulogalamu ya AlphaFold imene omwe anaipanga analandira gawo la mphoto ya Nobel mu 2024.

Anfinsen ankatambasula mapuloteni ndi mankhwala, pamene m'thupi ambiri amatambasuka pochita kukokedwa. Chitsanzo ndi titin, puloteni yaikulu kwambiri ya m'minofu imene imatamuka ngati mphira. Mu 1997 Matthias Rief, Hermann Gaub ndi anzawo anakoka titin imodzi ndi kansonga ka makina n'kuona zigawo zake zikutambasuka chimodzichimodzi. Chaka chotsatira gulu la Klaus Schulten ku yunivesite ya Illinois linakoka chigawo chimodzi cha titin pa kompyuta, ndipo linaonetsa kuti chimakana kaye mpaka timfundo tingapo ta hydrogen pakati pa timizere tiwiri titaduka nthawi imodzi. Zimenezi Anfinsen sanazione, pakuti anali atamwalira.

Mfundo yake ili ndi malire. Mkati mwa selo ndi modzaza kwambiri, choncho mapuloteni ambiri amafuna mapuloteni ena owatchinjiriza kuti asakolane pamene akudzipinda. Gulu lake lomwe linapeza mu 1963 puloteni ya m'chiwindi imene imafulumizitsa kumangidwa kolondola kwa mfundo za sulfure. Palinso mapuloteni, monga a matenda a misala ya ng'ombe, amene angakhazikike m'maonekedwe olakwika.

Zaka zomaliza

Analemba buku lotchedwa The Molecular Basis of Evolution mu 1959, ndipo pambuyo pake anafufuza puloteni yolimbana ndi mavairasi yotchedwa interferon. Mu 1979 analowa chipembedzo cha Chiyuda. Kuyambira 1982 anali pulofesa ku yunivesite ya Johns Hopkins ku Baltimore. Anamwalira ku Randallstown m'chigawo cha Maryland ali ndi zaka 79.