Mwini nyumba ya mizukwa ija

Kwathu ku Senga Bay nkhani za mizukwa sizisowa, asodzi akamachokera ku usipa m'mamawa amabwera nazo. Koma imene inandikhala m'mutu ndinaimva pa wailesi mu Malichi 2005. Ankati pulezidenti Bingu wa Mutharika wasiya kugona kunyumba ya boma ku Lilongwe poopa mizukwa. Bingu anakanitsitsa, ndipo atolankhani awiri, Raphael Tenthani ndi Mabvuto Banda, anamangidwa. Agogo anga sanadabwe olo pang'ono. Kwa iwo, mwini nyumba anali atangobwera kudzaona katundu wake.

Mwini wakeyo ndi Hastings Kamuzu Banda. Inu amene munabadwa iye atapita mumangomuona pa K1,000. Anabadwira ku Kasungu, ndipo ali mnyamata anauyamba wapansi kupita ku Southern Rhodesia, kenako ku migodi ya ku Joni. Udokotala anaumaliza ku Meharry ku America mu 1937, nakachiza anthu ku London ndi ku Ghana. Pamene ankatsika ndege pa Chileka pa 6 Julaye 1958, Chichewa chinali chitamuuluka moti pamisonkhano ankamutanthauzira. Azungu anamutsekera ku Gweru mu 1959, koma pofika 1964 dziko linali m'manja mwake.

Zimene anamanga sindingazikane. Msewu wochoka kunyanja kupita ku Salima umadutsa pa MAFCO, imene kale inali Kamuzu Military College, ndipo njanji yopita ku Lilongwe inayalidwa mu ulamuliro wake. Koma anamanganso mantha. Mu 1971 anakhala pulezidenti wamuyaya. Ankaopseza kuti omuukira adzadyedwa ndi ng'ona, ndipo ife akunyanja ng'ona sitimaimvera kwa anthu ayi. Mu 1983 Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anapezeka atafa ku Mwanza, boma n'kunena kuti inali ngozi ya galimoto. Kamuzu anadzazengedwa mlanduwu atachoka pampando, khoti n'kumupeza wosalakwa mu 1995.

Nanga chinyumba cha ku Lilongwe chija? Zipinda pafupifupi 300, zaka zoposa 10 chikumangidwa, koma mwini wake anangogonamo miyezi yowerengeka. Bakili Muluzi atapambana mu 1994 anakana kukhalamo, mukuyamba kukumana aphungu a Nyumba ya Malamulo, mpaka Bingu anadzawatulutsa mu 2004. Ine za mizukwa sindikhulupirira kwenikweni, koma mutandipatsa chipinda m'menemo ndingagone nyali ili chiyakire.

Kamuzu anamwalira ku Johannesburg pa 25 Novembala 1997. Mu 2006, patangotha chaka chichitikireni phokoso la mizukwa lija, Bingu yemweyo anatsegulira chiliza chachikulu pamanda a Kamuzu ku Lilongwe. Agogo atamva anangogwedeza mutu, ngati kuti nsembe yafika kwa mwini wake. Mpaka tsiku limene tinawaika, akafuna kutchula dzina la Ngwazi ankayamba asuzumira pakhomo, kenako n'kutsitsa mawu.